Buleki yogwira kachitatu si luso la dalaivala

Aliyense amene amakwera minibasi kapena matola pa Lizulu, Jenda, Mponela kaya pa Thondwe adaonapo gule amene mwendo wa dalaivala umavina galimoto ikamayandikira pasiteji. Phazi limaponda buleki koyamba, chopondera n'kulowa mpaka pansi ngati waponda nthochi yakupsa. Limabwerera msanga, kupondanso kachiwiri, kachitatu, ndiye galimoto n'kuyamba kumvera. Apo n'kuti kondakitala atatsegula kale chitseko, mwala woikira kutayala uli m'manja. Anthu amatsika, kulandira chenje, n'kumapita osafunsa kanthu.

Wina akalimba mtima n'kufunsa, yankho lake n'lodziwikiratu: galimotoyi imafuna mwini wake, buleki yake ndi yopopa. Mawuwa amatuluka monyadira, ndipo okwera ena amavomereza kuti dalaivalayu ndi katakwe, amaidziwa galimoto yake.

Kunena mosapsatira, chimene anthu akuchitcha luso apachi ndi matenda. Buleki ya galimoto yaing'ono, kaya ndi Hiace ya zaka 20, Vanette, Bongo, kaya Hilux yosenza matumba a mbatata, idapangidwa kuti izigwira ikangopondedwa koyamba. Chopondera chimayenera kutsika pang'ono, n'kulimba, n'kuima pomwepo. Chikamafewa, galimoto ikudandaula kuti penapake pavuta. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, koma buleki ndiye imaimba, kwa masabata ngakhale miyezi, isanakatayire anthu kuphompho.

Masamu ake ndi osavuta. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. Kupopa kawiri kumadya sekondi imodzi kapena ziwiri. Ndiye kuti buleki isanayambe n'komwe ntchito, galimoto yayenda mtunda umene ungafike pafupifupi theka la bwalo la mpira. Wakabaza wokhota mwadzidzidzi, ng'ombe yotulukira m'chimanga, kaya mwana wothamangira mpira wachikulunga sadikira kuti dalaivala amalize kupopa.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, munthu atenge jekeseni yopanda singano, aidzaze madzi, atseke kukamwa kwake ndi chala n'kukankha. Siisuntha, chifukwa madzi safinyika. Akaidzaza mpweya n'kuchita chimodzimodzi, imalowa mofewa, ndipo akaisiya imabwerera. Buleki imayendera nzeru yomweyi, imene katswiri wa ku France, Blaise Pascal, adaifotokoza m'zaka za m'ma 1600, ndipo kampani ya Duesenberg ku America idayamba kuigwiritsa ntchito pamatayala onse anayi a galimoto zogulitsa mu 1921. Phazi limakankha kapampu kotchedwa master cylinder, kapampuko n'kukankha mafuta a buleki m'timapaipi mpaka kumatayala, komwe mapadi amapana chimbale chachitsulo kutsogolo, ndipo mashuu amakanikiza dilamu kumbuyo. Choncho chopondera chikafewa zifukwa zake n'zowerengeka: mwalowa mpweya, mafuta akuthawira penapake, kapena zogwira tayala zili kutali ndi pogwira pake. Kupeza chimene chavuta sikulira makina a kugalaja yapamwamba. Kumalira anthu awiri, maso, ndi mphindi 20 pabwalo la nyumba.

Poyambira ndi pakabotolo kosungira mafuta a buleki. M'galimoto zambiri kamakhala pansi pa boneti kumbali ya dalaivala, pomwe m'maminibasi ena akale kamabisika m'mbali mwa dashibodi pafupi ndi chitseko. Kali ndi mizere iwiri, wa MIN ndi wa MAX. Mafuta atsopano amaoneka mbee ngati ophikira, akale amada ngati tiyi wopanda mkaka. Kutsika pang'onopang'ono pakapita miyezi n'kosadabwitsa chifukwa mapadi akamatha mafuta amatsikira kumatayala. Koma dalaivala amene amasunga botolo pansi pa mpando n'kumathira Lolemba lililonse adziwe kuti mafuta a buleki sapsa ngati petulo. Ngati akutha, akudontha.

Kumene akudonthera kumapezeka munthu akagwada n'kusuzumira. Tayala lonyowa chakumkati, chitsulo cha kuseri kwa dilamu chokhala ndi fumbi lonata, kapaipi kachitsulo kodyeka ndi dzimbiri, paipi ya labala yochita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe, zonsezi ndi mboni. Katoni yoyalidwa pansi pa galimoto usiku imanenanso zoona m'mawa. M'galimoto zakale wolakwa kawirikawiri amakhala kasilinda ka mkati mwa dilamu yakumbuyo. Kakatha timalabala, mafuta amanyowetsa mashuu, ndipo mashuu oterowo ntchito yawo yatha. Kuwatsuka ndi petulo kapena kuwawamba pamoto, monga ena amachitira pansi pa mtengo wa mango, n'kudzinamiza. Mafuta amakhala atalowerera mkati ndipo amatulukanso dilamu ikatentha.

Kenaka munthu alize injini, aponde buleki mwamphamvu yofanana, asasunthe phazi kwa theka la mphindi. Chopondera chabwino chimaima nji. Chikamatsika pang'onopang'ono ngati phazi likumira m'matope, pomwe kunja kulibe podontha ndipo m'kabotolo mafuta sakuchepa, vuto lili mkati mwa master cylinder. Timalabala take tatha, ndiye mafuta akuzemba m'mbali mwake m'malo mopita kumatayala. Nthawi zina amadonthera kumbuyo, kulowa m'chimphika chachitsulo chotchedwa booster kapena kunyowetsa kapeti pamwamba pa chopondera, malo amene ambiri saganiza zoyang'anako. Vuto ili ndi loopsa chifukwa limanyenga. Dalaivala akaponda mwamphamvu ndi mwadzidzidzi buleki imatha kugwira, koma akaigwirizira mofatsa pamtsetse, imamuthawa osamutsanzika.

Ngati chopondera chili chawofuwofu ngati siponji, n'kumalimba chikapopedwa, kenaka n'kufewanso chikasiyidwa kwa kanthawi, oganiziridwa ndi awiri. Woyamba ndi mpweya. Wachiwiri ndi mashuu akumbuyo amene adyeka kapena atalikirana ndi dilamu chifukwa kachitsulo kowasendeza kadauma ndi dzimbiri. Kuwasiyanitsa n'kosavuta. Akoke handibuleki pang'ono, apondenso. Chopondera chikakwera n'kulimba msanga, ndiye kuti mashuu akufuna kusendezedwa kapena kusinthidwa. Chikakhala chofewabe, m'mapaipi muli mpweya. Pamene mmodzi akuponda, mnzake agwire mapaipi a labala opita kumatayala. Paipi yokalamba imafufuma ngati chubu cha njinga, n'kumeza mphamvu imene imayenera kukafika kutayala. Beringi ya tayala ikakhwepa nayonso imakankhira mapadi kutali, moti kuponda koyamba kumangowabweza pamalo pake.

Apa pafunika kachenjezo kwa eni galimoto amene amangomvera chilichonse. Booster ikafa, chopondera chimauma gwa ngati mwala, sichifewa. Kuiyesa kwake n'kotere: injini ili yozima, apope mpaka chopondera chilimbe, agwirizire, alize injini. Chikatsika pang'ono, booster ili moyo. Makaniko amene angathamangire kugulitsa booster kwa munthu wodandaula za buleki yofewa, asanagwade n'komwe kuyang'ana kumatayala, akufuna ndalama za ndiwo basi.

Ntchito yochotsa mpweya, imene amakaniko amati kubulida, ndi imene ambiri amaidziwa, ndipo ndi imenenso amailakwitsa kwambiri. Ichi n'chiyani nkulinga muli awiri: mmodzi amaponda n'kugwirizira, wina amamasula kabawuti kakutayala kuti mafuta ndi thovu zituluke, n'kumanganso phazi lisanachoke. Akachotsa phazi kabawuti kali kotsegula, mpweya umabwerera momwemo. Kabotolo kakauma ntchito ili mkati, zonse zimayambiranso. Pagalimoto zambiri amayambira tayala lakutali ndi master cylinder, limene pagalimoto za chiwongolero chakumanja limakhala lakumbuyo kumanzere, ngakhale zina zili ndi ndondomeko yakeyake. Mapikiapu ndi maminibasi ambiri akale ali ndi kavalavu pafupi ndi ekiselo yakumbuyo, kamene kamaonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya buleki malinga ndi katundu. Kena kamakhala ndi kabawuti kake kochotsera mpweya, ndipo makaniko akakaiwala angathe kuzungulira matayala onse tsiku lathunthu chopondera chili chofewabe.

Pali misampha ina iwiri imene yaliza eni galimoto zakale. Pobulida, mnyamata wothandiza amakankha chopondera mpaka pansi penipeni. Timalabala ta master cylinder timafika kumene sitidafikeko kwa zaka zambiri, komwe kuli dzimbiri ndi zinyalala, n'kung'ambika. Galimoto imene idabwera ndi vuto limodzi imatuluka ndi awiri. Kathabwa koikidwa pansi pa chopondera kamaletsa zimenezi. Msampha wina ndi wa zida zogula kwa ophwasula galimoto: chopanira mapadi chakumanzere chikamangidwa kumanja, kabawuti kake kamayang'ana pansi, pomwe mpweya umakwera m'mwamba. Kubulida kotani kumene kungauchotse? Eni ma Sienta ndi galimoto zina za ABS adziwenso kuti mpweya ukalowa m'kabokosi ka ABS, nthawi zina pamafunika makina a kugalaja kuti utuluke.

Komabe funso limene makaniko wabwino amafunsa ndi lakuti mpweyawo udalowera pati. Buleki yosatsegulidwa, yosadontha, siyamwa mpweya yokha. Kubulida popanda kupeza khomo lake kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likudonthabe.

Tsono pali mtundu wina wa buleki yofewa umene supezeka pabwalo la nyumba, ndipo ndi umene uyenera kudetsa nkhawa aliyense wokhala m'dziko lamapiri ngati lino. Galimoto imayenda bwinobwino kuchokera ku Mzuzu, koma ikamatsika Chiweta chopondera n'kulowa pansi. Imachoka ku Dedza ili bwino, n'kukataya buleki pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti. Imanyamuka mu Blantyre ili ndi mphamvu, n'kukafooka m'makhotamakhota otsikira pa Thabwa. Apa mlandu ndi wa madzi.

Mafuta a buleki amene galimoto zambiri zimagwiritsa ntchito, a DOT 3 ndi DOT 4, amayamwa chinyezi chamumpweya monga umachitira mchere m'nyengo yadzinja. Chinyezicho chimalowera pachitsekerero cha kabotolo ngakhalenso kudzera m'mapaipi a labala. Malinga ndi muyezo umene zilembo za DOT zimaimira, mafuta atsopano a DOT 3 sayenera kuwira asanafike madigiri 205, ndipo a DOT 4 asanafike 230. Koma akamwa madzi ochepa chabe, osakwana magawo 4 pa 100 alionse, muyezo womwewo umatsika kufika pa madigiri 140 kwa DOT 3 ndi 155 kwa DOT 4. Minibasi yodzaza anthu, matumba a chimanga ndi mitolo ya kaunjika ikamatsika phiri dalaivala atagoneka phazi pabuleki, zitsulo zakumatayala zimatentha kuposa pamenepo. Mafuta amawira, nthunzi n'kudzaza m'mapaipi, ndipo nthunzi imafinyika ngati mpweya wa m'jekeseni muja. Phazi limangolowa.

N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amalangiza kuti mafuta a buleki azikhuthulidwa onse n'kuthira atsopano pakatha zaka ziwiri zilizonse. Ndi angati mwa eni galimoto pa Balaka kapena pa Kasungu amene adachitapo zimenezi? Oyilo wa injini ndiye amasinthidwa mokhulupirika, mpaka kulemba makilomita pakapepala. Mafuta a buleki amangoonjezeredwa, moti galimoto zina zimene zidatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe zaka zapitazo zikuyendabe ndi mafuta amene zidachoka nawo ku Japan. Ngakhale oonjezerawo amachokera m'botolo lotsegula kale limene lakhala pansi pa mpando dzinja lonse, kapena ogula mopimidwa m'timabotolo ta zakumwa m'mbali mwa msewu. Oterowo amakhala atamwa kale madzi asanalowe n'komwe m'galimoto.

Pamwamba pa izi pali chizolowezi chotsika phiri giya ili pa fili ati kupulumutsa mafuta. Galimoto ikakhala m'giya yotsika, yachiwiri kapena yachitatu, injini imaigwira ndipo buleki imapuma. Ikakhala pa fili, katundu yense amatsamira pa timapadi tosaposa chikhatho cha munthu. Ena amafika pozimitsa injini, osadziwa kuti booster imadalira injiniyo, moti akaponda kawiri kapena katatu thandizo lake limatha. Madontho a dizilo amene apulumutsidwa pamenepo sangagule ngakhale nsalu yokutira bokosi.

Zochita zina za m'mbali mwa msewu n'zomvetsa chisoni. Mafuta a buleki akatha pakati panjira, ena amasungunula sopo waufa m'madzi n'kuthira. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo kumtunda ngati ku Dedza amawira asanafike pamenepo, kuonjezera apo amadyetsa zitsulo dzimbiri. Ena amathira oyilo wa injini kapena wa chiwongolero. Oyilo wotere amatupitsa timalabala tonse ta buleki, ndipo pakapita masiku pamafunika kusintha chilichonse chokhala ndi labala, kuyambira pa master cylinder mpaka kumatayala. Enanso tayala limodzi likamadontha amaphwanya kapaipi kake ndi hamala kapena kukatseka ndi msomali, galimoto n'kumayenda ndi mabuleki atatu. Pamsewu wouma imangokokera mbali imodzi. Tsiku la mvula imatembenuka n'kuyang'ana kumene yachokera.

Chimene chimapatsa madalaivala mtima wonyozera n'chakuti galimoto zopangidwa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 zili ndi njira ziwiri za mafuta a buleki. Imodzi ikaboola, inzake imatsala, ndipo chopondera chimagwirira pansi kwambiri, mofooka. Opanga adaika njira yachiwiriyi kuti munthu athe kuima m'mbali mwa msewu tsiku latsoka. Sadaiike kuti minibasi izichitira bizinesi chaka chathunthu.

Kuloza chala dalaivala yekha kungakhale kukondera. Ambiri a iwo galimoto si yawo. Amadzuka mbandakucha ali ndi ndalama yoikika imene ayenera kukapereka kwa bwana madzulo, ndipo tsiku limene galimoto yagona kugalaja, kwawo sikufuka utsi. Akakanena kuti buleki yafewa, amauzidwa kuti ayambe agwira sabata ino, za galaja adzaziona mwezi ukatha. Akaumirira, pasiteji pali anyamata khumi okhala ndi ziphaso amene akudikira makiyi omwewo. Mwini galimoto ndiye ali ndi mphamvu yoimitsa galimoto, ndipo ndiye ayenera kusenza mlandu waukulu. Chodabwitsa n'chakuti kukonza buleki yofewa kawirikawiri n'kotchipa: mabotolo awiri a mafuta, kasilinda kakumbuyo kapena paipi ya labala, ndi ntchito ya theka la tsiku. Munthu yemweyo amene akukana zimenezi sachedwa kugula wailesi yaphokoso ndi zomata pagalasi.

Ena amabisala kuseri kwa chiphaso cha COF chomatidwa pagalasi. Chiphasocho n'chofunika ndipo malamulo a pamsewu amachifuna, koma chimangochitira umboni za tsiku limene galimoto idayesedwa. Labala imene yang'ambika patapita miyezi itatu siwerenga mapepala. Wapolisi wapamsewu naye amaona chiphaso, laisensi ndi matayala, koma sangakhale pampando wa dalaivala aliyense kuti amve mmene chopondera chikulowera. Amene amadziwa zoona ndi dalaivala, kondakitala, ndi wokwera amene wakhala pampando wakutsogolo.

Wokwerayo ndiye amakhala chete kuposa onse. Mayi wa geni amene wapikula tomato pa Bembeke amaona mwendo ukuvina, koma amaganiza za dengu lake limene lili kale pamwamba, ndi ndalama imene kondakitala sangabweze. Bambo woperekeza mwana kusukulu amaopa kutchedwa wamantha. Ndipo anthu omwewa ndi amene amakuwa kuti dalaivala aponde moto, msika utha. N'zoona kuti kumidzi yambiri galimoto imakhala imodzi patsiku, ndipo kuitsika ndiye kuti ulendo wafa. Koma pamisika ikuluikulu ya m'mbali mwa M1, pomwe maminibasi amachita kulimbirana anthu, kukana kukwera galimoto yopopa n'kotheka. Eni galimoto samva madandaulo, koma mipando yopanda anthu amaimva msanga.

Nkhaniyi ikukhudzanso mabanja amene adadzimana n'kugula kagalimoto kawo, aphunzitsi, azachipatala ndi ochita malonda. Kagalimoto kameneko ndi kamene kamathamangitsira mayi woyembekezera kuchipatala usiku, kamanyamula anamfedwa, ndipo pa Khirisimasi kamadzaza ana kupita kwa agogo. Mayi wa m'nyumbamo, ngakhale sayendetsa, angathe kukhala pampando n'kugwirizira chopondera kwa theka la mphindi bambo akusuzumira kumatayala. Mwana wa sekondale angathe kuwerenga chitsekerero cha kabotolo, pomwe pamalembedwa mtundu wa mafuta ofunika. DOT 3 ndi DOT 4 amasakanizika, koma galimoto yolembedwa DOT 4 isathiridwe DOT 3, ndipo DOT 5 ndi mtundu wina umene suyenera kukumana ndi awiriwa.

Nanga zikachitika pamtsetse, phazi n'kulowa pansi? Apo ndiye pamene kupopa kuli ndi malo ake, mofulumira ndi mobwereza. Dalaivala atsitse magiya imodziimodzi, akoke handibuleki pang'onopang'ono atagwira kabatani kake kuti matayala akumbuyo asaume, aimbe hutala, ndipo asazimitse injini kapena kuzula kiyi chifukwa chiwongolero chingakhomeke. Zikakanika, kukhulitsa mbali ya galimoto kukhoma la phiri kuli bwino kusiyana ndi kudikira khota lotsatira.

Galimoto ikaima, pamatsala yesero lina. Anthu amatsika mitima ili m'mwamba, ena kupemphera, ena kutukwana. Fungo la mapadi opserera limamveka, ndipo kondakitala amathamanga ndi chigubu kuti athire madzi kumatayala, zimene zingathe kupinditsa kapena kung'alula chimbale chotentha. Pakatha mphindi 30 zitsulo zimazizira, nthunzi ija imasanduka madzi, ndipo chopondera chimalimbanso ngati palibe chidachitika. Dalaivala amaponda kawiri, n'kumwetulira, n'kuuza anthu kuti akwere, yagwira. Mafuta ake ndi omwe aja, madzi ali momwemo, ndipo mtsetse watsala theka.